Kanyumba ka matabwa ndi ndalama zochepa: poumira ndi posayenera kuumira

Chidwi_92:
Akuluakulu, ndipempheko nzeru. Ndikufuna kumanga ndekha kanyumba ka matabwa ka chipinda chimodzi, kogona munthu mmodzi kapena awiri, mamita 3 mulifupi ndi 4 mulitali. Ndalama ndi zochepa zedi. Zida zomwe zilipo ndi sowo, hamala, tepi, levulo ndi wilibala basi. Ndi pati pamene ndingaumire osadzalira pambuyo pake, nanga ndi pati posayenera kuumira?

Sowo_ndi_Hamala:
Musanagule ngakhale msomali umodzi, sinthani kaye muyeso umenewo. 3 ndi 4 ndi manambala okoma pa pepala, koma zipangizo sizibwera choncho. Pulayiwudi amabwera mamita 1.2 ndi 2.4, ndipo matabwa ambiri amachekedwa 2.4, 3.0, 3.6, 4.2 kapena 4.8. Mukamanga 3 ndi 4, pafupifupi thabwa lililonse mudzalidula n'kutaya kachidutswa, pamene kachidutswako mwalipira. Pangani 3.6 ndi 4.8. Pansi pake padzalowa mapulayiwudi 6 ndendende. Ngati mukuona kuti n'kokula, bwererani pa 2.4 ndi 4.8, mapulayiwudi 4.

Muyeso wa 3.6 ndi 4.8 uli ndi ubwino wina. Mukakoka tepi chopingasa, kuchoka pa ngodya ina kukafika pa ngodya yoyang'anana nayo, iyenera kuwerenga mamita 6 ndendende. Ndi lamulo lakale lija la 3, 4, 5, langochulukitsidwa ndi 1.2. Yezani mbali zonse ziwiri zopingasa. Zikafanana, nyumba ili sikweya.

Ngodya zikhale zinayi basi. Kulikonse kumene khoma lakhota kumadya matabwa owonjezera, ndipo denga la pamenepo ndi limene limayamba kudontha.

Mai_Levulo:
Zoona a Sowo, koma munthu apite ndi tepi kogula. Mapulayiwudi ena ndi 1220 ndi 2440 mm, osati 1200 ndi 2400. Zimaoneka zazing'ono, koma mukayala awiri motsatizana mwapitirira kale ndi 80 mm, ndiye polumikizana pake sipagweranso pa thabwa, pamangokhala m'malere. Mukapeza a 1220, kapena muziwasadza pang'ono aliyense, kapena nyumba ikhale 3.66 ndi 4.88, chopingasa 6.10.

Komanso a Chidwi, mufunse kaye kwa oyang'anira zomangamanga m'dera lanulo ngati kanyumba ka ukulu umenewu kakufuna chilolezo, ndiponso kayenera kutalikira bwanji ndi malire a malo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Kugwetsa chimene wamanga kale ndi kodula kuposa kufunsa.

Chidwi_92:
Ndamva. Nanga maziko, ndithire silabu ya konkire pansi ponse?

Mmisiri_Wamkulu:
Silabu si yoipa, koma taonani masamu ake. 3.6 kuchulukitsa 4.8 kuchulukitsa 0.1 ndi makyubiki mita 1.7, kuwonjezera m'mphepete mokhuthala mupitirira 2. Amenewo ndi matumba a simenti oposa 12, kuphatikizapo ntchito yosalaza ndi kutsendera malo onse. Nyumba ya matabwa ndi yopepuka, siifunika zonsezo. Ikhazikeni pa mizati ya konkire.

Mizati ikhale 12: mizere itatu yotsata mbali ya 4.8, mizereyo yotalikirana mamita 1.8, ndipo pa mzere uliwonse mizati inayi yotalikirana 1.6. Dzenje lililonse 400 ndi 400 mm, kuya 600 mm kapena kufikira mutapyola dothi lapamwamba la mizu n'kupeza lolimba. Pansi pa dzenje thirani konkire yokhuthala 200 mm, pamwamba pake mzati wa 200 ndi 200 mm wotuluka pa nthaka 450 mm. Zitsulo ziwiri za 10 mm zopindidwa ngati L zilumikize phazi ndi mzati. Konkire yonse ikwana pafupifupi makyubiki mita 0.8. Pa kasakanizidwe ka 1:2:4 ndi matumba 5 a makilogalamu 50, gulani 6.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Thumba limodzi ndi malita pafupifupi 33, wilibala ya omanga yodzaza mosasefukira ndi malita 65. Ndiye thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga, mawilibala awiri a miyala, madzi malita 25 kapena kucheperako ngati mchenga ndi wonyowa. Apa ndi pamene ambiri amaonongera: amathira madzi ambiri kuti isavute kusakaniza. Konkire yamadzimadzi ikauma imatsala ndi timabowo m'kati, mphamvu yake n'kuchepa kwambiri. Tsinyirani ndi ndodo kuti mpweya utuluke, kenako muziithirira madzi masiku 7 itaphimbidwa ndi masaka. Mphamvu yonse imafika pa masiku 28, koma pakatha sabata mutha kuyamba kuikapo mitanda.

Konkire isanaume, zikani bawuti ya 12 mm pakati pa mzati uliwonse, mutu wake pansi, mazinga ake atatuluka mokwanira kupyola mtanda. Nyumba yopepuka siimira m'nthaka ayi, vuto lake ndi kunyamulidwa ndi mphepo.

Mai_Levulo:
Ndiwonjezere za kulinganiza mitu ya mizati. Levulo ya m'manja pa mamita 4.8 idzakunamizani. Gulani paipi yopyapyala yoonekera m'kati, mamita 8 kapena 10, muidzaze madzi popanda thovu la mpweya. Madzi a nsonga ziwirizo amaima pa msinkhu umodzi nthawi zonse. Khomani chikhomo chimodzi chikhale poyambira, ndipo mizati yonse 12 muziyeza kuchokera pa chimenecho, osati kuchoka pa mzati kupita pa mzati, chifukwa kulakwitsa kumaunjikana. Mzati umodzi ukatsika ndi 15 mm, mudzamva pansi pakunyenyeka ndipo chitseko chidzayamba kukwekwesa.

Nthaka nayonso muione. Dothi lamakande limatupa likanyowa n'kung'ambika likauma, ndiye limakankha mizati. Pa dothi lotero kumbani mozama ndipo madzi a denga muwapititse kutali ndi ngalande. Kumaiko kozizira kumene nthaka imaundana, phazi la mzati liyenera kupitirira pamene kuundanako kumalekezera, apo ayi chisanu chimanyamula mzati chaka ndi chaka.

Nkhwangwa_Yakuthwa:
Koma akuluakulu, munthuyu wanena kuti ndalama ndi zochepa. Bwanji osangozika mapolo m'nthaka, omwewo akhale maziko, omwewo akhale nsanamira mpaka ku denga? Simenti pang'ono, matabwa ochepa, mphepo siingainyamule.

Mmisiri_Wamkulu:
Njira imeneyo ilipo ndipo imagwira ntchito, achimwene, pokhapokha mapolowo akhale olowetsedwa mankhwala ndi makina, a mlingo wokhala m'nthaka. Kumene amagwiritsa ntchito zilembo za H, mlingo wake ndi H4, ndipo H5 ngati nthaka imakhala yonyowa nthawi yaitali. H2 ndi wa m'kati mwa nyumba, H3 wa panja posakhudza dothi. Polo wongopaka mankhwala ndi bulashi, mankhwalawo amangolowa mamilimita ochepa; akang'ambika pouma, m'kati monse muli poyera.

Polo amawolera pakhosi, pamene dothi lakumana ndi mpweya, chifukwa pamenepo pali chinyezi ndi mpweya womwe. Choipa kwambiri ndi kumuthirira konkire pansi ndi m'mbali ngati kapu: madzi amalowa, otulukira palibe. Pansi pa polo ikani miyala 100 mm kuti madzi azidutsa, konkire ikhale m'mbali mokha, ndipo pamwamba pake ipendekeke kuthawa polo.

Kwa munthu woyamba kumanga, ine ndikadali pa mizati ya konkire. Mapolo sawongoka ndipo salingana kunenepa, choncho khoma lililonse limasanduka nkhondo. Ndipo polo akawola, nyumba yonse yakhala pa iye.

Nkhwangwa_Yakuthwa:
Nanga oilo wakale wa galimoto? Ambiri amapaka ameneyo.

Mdani_wa_Chiswe:
Amapaka, koma musatengere. Oiloyo salowa m'kati mwa thabwa, amasukuluka ndi mvula n'kuipitsa nthaka ndi madzi, amanunkha kukatentha, ndipo mwapaka nyumba yanu chinthu chothandiza moto. Chiswe chimangoyembekezera mng'alu umodzi.

Chitetezo chenicheni ndi kuuma ndi kuonekera. Chiswe cha m'nthaka sichiyenda poyera, chimamanga njira ya dothi yokwera nayo. N'chifukwa chake a Mmisiri anena 450 mm: kuti mpweya uzidutsa pansi pa nyumba, komanso kuti munthu athe kusuzumira ndi tochi. Pamutu pa mzati uliwonse ikani chipewa cha lata chotuluka 40 kapena 50 mm mbali zonse, m'mphepete mwake mopindikira pansi. Pamene bawuti yaboola lata matanipo phula. Mumvetse bwino, chipewacho sichiletsa chiswe. Chimangochikakamiza kuzungulira poonekera, kuti inu muione njira yakeyo n'kuigumula. Amene saunika pansi pa nyumba kawiri pa chaka, chipewa sichimuthandiza kanthu.

Pakati pa chipewa ndi mtanda yalani kachidutswa ka DPC, pulasitiki yakuda yokhuthala ija. Zitsa ndi mizu zonse zizulidwe musanayambe. Tizidutswa ta matabwa ndi tomwe munaumbira mizati musatisiye pansi pa nyumba, ndipo musadzasungepo nkhuni. Kumeneko n'kuitana alendo.

Ngati ndalama za matabwa a mankhwala zikukwanira pang'ono pokha, ziikeni pa mitanda ya pansi ndi thabwa loyamba la khoma. Paliponse pamene mwadula pakaniponso mankhwala, chifukwa sowo yatsegula mtima wa thabwa. Matabwa olowetsedwa mankhwala otchedwa CCA, obiriwira aja, amadya misomali wamba, choncho gulani ya galvanized. Zidutswa zake musasonkhere moto: muli arsenic, utsi ndi phulusa lake ndi poizoni.

Sowo_ndi_Hamala:
Tibwere pa pansi. Pa mzere uliwonse wa mizati pagone mtanda waukulu: matabwa awiri a 2 by 6, kutanthauza 50 ndi 150 mm, okhomedwa pamodzi ataimirira cham'mbali. Matabwa 6 a mamita 4.8. Ngati mukulumikiza afupiafupi, polumikiza pagwere pamutu pa mzati, ndipo awiriwo asalumikizidwe pamalo amodzi.

Pamwamba pake, chopingasa, mitanda ing'onoing'ono ya mamita 3.6, yotalikirana 400 mm kuyeza pakati ndi pakati. Ikwana 13. 2 by 6 ndiye wabwino. 2 by 4 amatha pa mpata wa 1.8 koma ali pa malire, pansi pamanjanja mukamayenda. Thabwa lililonse liyang'aneni ndi diso limodzi kuchokera kunsonga. Lili ndi kamsana, kamsanako kayang'ane kumwamba, kulemera kudzaliwongola. Mfundo yaikulu isakhale m'mphepete mwa pansi, chifukwa kumeneko ndi kumene thabwa limakokeka ndipo limathyokera pa mfundo.

Pulayiwudi akhale wa 18 mm, wa guluu wosaopa madzi. Mbali yake yaitali idutse mitanda chopingasa. Mizere itatu: woyamba awiri athunthu, wapakati theka, wathunthu, theka, wachitatu awiri athunthu, kuti polumikiza pasakhale pa mtanda umodzi. Siyani kampata ka 3 mm pakati pawo, msomali ndiwo muyeso. Popanda kampatako akatupa amatukumuka. Misomali ya 65 mm, motalikirana 150 mm m'mphepete ndi 300 mm pakati. Musanakhome pulayiwudi woyamba yezaninso mamita 6 aja. Mukakhoma, zatha, simudzakankhanso.

Chipboard musayerekeze n'komwe. Ikangonyowa kamodzi imafufuma ngati siponji ndipo siibwerera.

Chidwi_92:
Makoma ndiimike nsanamira imodziimodzi?

Mai_Levulo:
Ayi, khoma limapangidwa litagona. Pansi mwamaliza paja ndiye tebulo lanu. Gonekani thabwa la pansi ndi la pamwamba pamodzi, lembani zonse ziwiri nthawi imodzi pa 600 mm iliyonse, zilekanitseni, lowetsani nsanamira za 2 by 4 pakati, khomani misomali iwiri ya 100 mm pa nsonga iliyonse. Kenako anthu awiri adzutsa. Makoma aatali adya nsanamira 9 lililonse, aafupi 7, pamodzi 32. Kuwonjezera za m'ngodya ndi za m'mbali mwa khomo ndi mazenera, werengerani 44. Thabwa louma kwambiri likamang'ambika kunsonga, bunthitsani msomali ndi hamala musanakhome, kapena boolani kaye.

Tsono nachi chimene chimagwetsa tinyumba tambiri. Felemu ya nsanamira zoimirira ndi matabwa ogona ilibe mphamvu ya m'mbali. Ikankheni pa ngodya, iweramira uko ngati katoni yopanda chivundikiro. Imafuna chogwira chopingasa. Njira zake: thabwa la 25 ndi 100 mm lodutsa chopendekeka kuchoka pamwamba kufika pansi, lolowetsedwa m'mipata yosemedwa pa nsanamira, kapena pulayiwudi wa 9 kapena 12 mm pa ngodya iliyonse, wokhomedwa pa 150 mm, kapena hoop iron, kalamba kachitsulo kaja. Yotchipa ndi hoop iron, koma kumbukirani kuti imagwira pokokedwa pokha, ikakankhidwa imangopindika. Choncho iyenera kukhala ziwiri zodutsana ngati X pa khoma lililonse, zokokedwa zolimba. Makoma onse anayi, osati awiri.

Mukadzutsa khoma, ligwirizitseni ndi matabwa ongoyembekezera okhomedwa pansi, ndipo musawachotse mpaka denga litakhomedwa.

Nkhwangwa_Yakuthwa:
Pa zitseko ndi mazenera ndi pamene pali populumukira. Gulani zakale zochotsedwa pa nyumba zina, koma muzigule musanapange makoma, kuti mpata muupange motsata chinthu chimene chili m'manja. Mpata ukule ndi 10 mm mbali iliyonse, kuti mupeze polinganizira ndi tizidutswa topyapyala ta matabwa. Pamwamba pa mpata uliwonse wa khoma losenza denga pagone mtanda, matabwa awiri a 2 by 6 ataimirira cham'mbali, wokhala pa nsanamira zakezake, osati wolendewera pa misomali. Zenera lopapatiza lolowa pakati pa nsanamira ziwiri silifuna mtanda n'komwe. Penti ya pa mafelemu akale kwambiri imatha kukhala ndi mtovu, musaipale youma n'kumapuma fumbilo.

Denga_Losadontha:
Denga likhale la mbali imodzi. La mbali ziwiri ndi lokongola, koma limafuna mtanda wa pamsonga, malata a pamsonga, kudula mapaso molingana awiriawiri, ndi zomangira kuti makoma asakankhidwire kunja. La mbali imodzi ndi mapaso owongoka ogona pa makoma awiri, basi.

Khoma lakutsogolo, la 4.8, likhale mamita 2.9, lakumbuyo 2.2. Kusiyana kwa 700 mm pa mamita 3.6 kumapereka madigiri 11. Malata a mizere yozungulira amafuna madigiri 10 kapena kuposa. A IBR, a mizere ya ngodya aja, amapirira mpaka cha m'ma 5. Kutsetsereka kukachepa, mphepo imakankhira madzi m'mwamba n'kulowa polumikiza. Khomo liikeni ku khoma lakutsogolo la 2.9 lija, chifukwa chitseko cha mamita 2.03 ndi mtanda wake sizikwana pa 2.2, komanso madzi azigwera kumbuyo osati pamutu pa wolowa.

Mapaso: 2 by 6 a mamita 4.8, okwana 9, lililonse pamutu pa nsanamira yake. Pakati pa makoma phaso lidya mamita 3.67, ndiye kutsala 550 mm kutsogolo ndi 550 kumbuyo. Musadule zotsalazo poganiza kuti mupulumutsa malata. Denga lotuluka ndi limene limasunga khoma la matabwa louma; ndi lotchipa kuposa penti. Pokhala phaso pa khoma semani kampando, koma kasapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a thabwa. Kumene kumagwa chipale chofewa, muyeso umenewu ndi wochepa, mufunse miyeso yoyenera kumeneko.

Okhomerapo malata: 2 by 2, mizere 7 yotalikirana 800 mm, yotuluka 300 mm mbali iliyonse, ndiye denga mulifupi ndi mamita 5.4. Lata la IBR likalumikizidwa limaphimba 686 mm, choncho malata 8. La mizere yozungulira lophimba 762 mm, 8 omwewo. Gulani aatali ofika nsonga ndi nsonga, opanda polumikiza pakati. Kukhuthala kusachepere 0.4 mm, opyapyala kuposa apo amang'ambika pa msomali mphepo ikamawagwedeza.

Yambani kukhoma kuchokera mbali imene mphepo imapita, kuti milomo ya malata isayang'ane kochokera mphepo. Misomali kapena masikuluwu a labala alowe pamwamba pa mzere, osati m'ngalande modutsa madzi. Musamange mpaka labala kuphwanyika. M'mphepete ndi m'ngodya za denga khomani pafupipafupi, chifukwa ndi mmene mphepo imayambira kusenda.

Sowo_ndi_Hamala:
A Denga, mwasiya zomangira.

Denga_Losadontha:
Ndimabwera komweko. Mphepo ikamadutsa pa denga imalikokera m'mwamba, ndipo msomali wokhomedwa chopendekeka umazuka mosavuta. Ganizirani unyolo wochoka pa lata mpaka pa konkire: lata pa 2 by 2, 2 by 2 pa phaso, phaso pa nsanamira, nsanamira pa mtanda wa pansi, mtanda pa bawuti. Pamene pafooka ndi pamene padzadukire. Phaso lililonse limangidwe ndi hoop iron yokwera pamwamba pake n'kutsikira pa nsanamira 300 mm mbali zonse, misomali inayi mbali iliyonse. Pansi chimodzimodzi, makamaka m'ngodya ndi m'mbali mwa khomo. Mpukutu umodzi ukwanira nyumba yonse. Kuika miyala pa denga si kumanga.

China: malata musadule ndi grinder. Imawotcha zinki ya m'mphepete, ndipo tizitsulo totentha timamatirira pa lata n'kuyambitsa dzimbiri. Gwiritsani ntchito sizasi ya malata, ndipo mukamaliza sesani denga.

Chidwi_92:
Kunja kwa khoma ndikhome chiyani chotchipa? Ndimaganiza za mapaleti.

Mdani_wa_Chiswe:
Mapaleti onani chidindo. HT ndiye kuti anawotchedwa ndi kutentha, ndi abwino. MB ndiye kuti anafukizidwa methyl bromide, asiyeni. Opanda chidindo ndi othimbirira mafuta simudziwa ananyamula chiyani. Matabwa ake ndi aafupi ndi opyapyala, okongoletsera m'kati, mashelefu ndi benchi. Kunja amachulukitsa polumikiza, ndipo polumikiza paliponse ndi khomo la madzi. Kusenza katundu ayi.

Mmisiri_Wamkulu:
Njira yokhululukira woyamba ndi matabwa oimirira okhala ndi kathabwa kotseka mpata. Matabwa osapala a 25 ndi 150 mm, mpata wa 10 mm pakati pawo, pamwamba pa mpatawo kathabwa ka 25 ndi 50. Kuzungulira nyumba ndi mamita 16.8, ndiye matabwa ngati 100 mukachotsa khomo ndi mazenera. A 200 mm akwana 80. Pakati pa nsanamira muike matabwa ogona pa 600 mm iliyonse kuti mupeze pokhoma.

Chinsinsi chili pa kakhomedwe. Thabwa lalikulu msomali umodzi pakati. Kathabwa kotseka msomali umodzi wodutsa mu mpata, osagwira matabwa a m'mbali. Chifukwa chake: thabwa limafota ndi kutupa mulifupi, mulitali pafupifupi ayi. Mukalikhoma m'mphepete monse muwiri, pofota lilibe kolowera, limang'ambika pakati. Mukakhoma monga ndanenamu, ngakhale matabwa osaumitsitsa amagwira ntchito, mpata umangokulira kuseri kwa kathabwa.

Zimenezo ndi za kunja zokha. Felemu ikufuna matabwa ouma, chinyezi chosapitirira 19 kapena 20 pa 100, apo ayi amapotoka atakhomedwa kale ndipo misomali imakhwepa. Aawisi ndi otchipa, inde, koma muwagule msanga, muwasanje pamthunzi potalikira nthaka, timitengo pakati pa mzere uliwonse tolunjikana, cholemera pamwamba.

Zigwagwa, zotsala m'mbali mwa chipika kocheka matabwa, ndi zotchipa koposa ndipo zitha kulowa m'malo mwa matabwa a kunjawa. Zisendeni makungwa onse, chifukwa pansi pa khungwa ndi pobisala tizilombo tofumbula. Zambiri ndi mnofu wa kunja kwa mtengo, wosachedwa kuwola, choncho muzione ngati chovala chodzasintha.

Kuseri kwa matabwa yalani pepala la omanga lotchinga madzi koma lotulutsa chinyezi, kuyambira pansi kukwera, la pamwamba likuphimba la pansi 150 mm. Pulasitiki wamba ayi, imatsekera chinyezi m'khoma. Matabwa atsike 50 mm kupyola pansi pa nyumba, nsonga zake zodulidwa chopendekeka kuti madzi azidontha. Nsongazo zipakeni penti kawiri musanakhome, chifukwa thabwa limamwa madzi kunsonga ngati bango.

Mai_Levulo:
Za kutentha tisaiwale. Pansi pa lata lopanda kanthu masana ndi ng'anjo, m'mamawa limachita thukuta n'kumadonthera pa bedi, anthu n'kumati denga likudontha. Si mvula, ndi mpweya wofunda wa m'nyumba umene wakhudza lata lozizira. Yalani pepala lonyezimira pa mapaso musanakhome ma 2 by 2, lolendewera pang'ono, mbali yowala ikuyang'ana mpata wa mpweya. Likagundana ndi chinthu silibweza kutentha. Ichi n'chovuta kuika pambuyo, ndiye musachidumphe. Siling'i itha kudikira. Pakati pa mapaso, kutsogolo ndi kumbuyo, siyani mipata yotseka ndi waya wa udzudzu kuti mpweya uzilowa kumunsi n'kutulukira kumtunda. Mazenera awiri oyang'anana amaposa limodzi lalikulu.

Ndipo m'kanyumba kakang'ono kotsekeka musayatse makala kapena jenereta. Mpweya wa poizoni umene zimatulutsa ulibe fungo ndipo umapha munthu ali m'tulo.

Sowo_ndi_Hamala:
Kagulidwe, a Chidwi. Chitseko ndi mazenera poyamba, monga anenera a Nkhwangwa. Matabwa nawo msanga, ngati akufuna kuuma. Simenti mugule sabata yothira. Ikakhala miyezi itatu imayamba kufooka, ikachita mibulu yosaphwanyika ndi zala yatha ntchito. Musayale pulayiwudi ngati malata simunagule, chifukwa pansi posafoleredwa pamaonongeka ndi mvula ziwiri zitatu. Ndalama zikathera panjira, zithere denga litakhomedwa. Pa matabwa onjezani 10 pa 100 ya opindika ndi olakwitsa podula.

Zodikira: matabwa a m'kati mwa khoma, siling'i, mashelefu, khonde, penti ya m'kati. Magetsi aitanireni wodziwa, ndipo mawaya adutse m'mapaipi ake, chifukwa makoswe amatafuna waya ndipo khoma lanu ndi nkhuni.

Chidwi_92:
Zikomo kwambiri nonse. Funso lomaliza: popeza nyumba yakwera, masitepe a pakhomo ndiwakhomerere ku mtanda wa pansi?

Mdani_wa_Chiswe:
Ayi. Mukatero mwamangira chiswe mlatho wodumpha zipewa zonse 12. Masitepe aime paokha, ndipo pakati pa iwo ndi nyumba pakhale mpata wa 50 mm woti diso lizionamo. Ngati ndi a matabwa, miyendo yake ikhale pa kasilabu ka konkire kapena pa mwala wafulati, osati pa dothi.

Mmisiri_Wamkulu:
Muyeso wake: mzati 450, mtanda waukulu 150, waung'ono 150, pulayiwudi 18, ndiye pansi pa nyumba pali 768 mm kuchoka pa nthaka. Gawani kanayi, sitepe iliyonse 192 mm. Ngati mudzalowa okalamba kapena ana, gawani kasanu, 154 mm. Popondapo pasachepere 250 mm, papendekeke pang'ono kunja kuti madzi asaime, ndipo masitepe onse alingane msinkhu, chifukwa phazi limaloweza yoyamba n'kupunthwa pa yosiyana.